Ndi Anzake

Bambo anga sindiwadziwa nkhope. Anapita ku Salisbury ine ndili kumsana kwa mayi, osabwereranso. Ndinkangodziwa chimodzi: ankaimba jazi m'magulu a dansi nthawi ya atsamunda.

Mayi atayamba kudwala, anandipempha pa foni kuti ndiwapezere nyimbo ya amuna awo, aimve asanafe. Ankaganiza kuti munthu wokhala ku Doha angapeze chilichonse.

Ndimalondera pageti la ofesi ina ku Al Mirqab, kuno ku Doha. Masana dzuwa likakula sipadutsa munthu. Ndinkakhala m'kanyumba ka alonda n'kumafufuza pa foni. Ndikalemba dzina lawo, palibe. Ndikalemba jazi, pankabwera anthu akuda a ku Amereka, ovala masuti, malipenga pakamwa. Ndinkayang'ana nkhope imodziimodzi, kufuna mphuno yonga yanga. Miyezi inatha choncho.

Lachisanu lina ku Najma tikumwa tiyi, ndinafotokozera dalaivala wina wachikulire wa ku Mulanje. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Achimwene, mukusetcha bambo anu ku Amereka? Anakwera ndege iti?"

"Mayi anati jazi."

"Jazi ya kwathu inali banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo za waya wa buleki, ndi ng'oma ya chikopa cha mbuzi. Bweretsani foniyo."

Anandipezera mbale zakale za galamafoni zimene wina anaziika pa intaneti. Imodzi inali ya Chinyanja, yojambulidwa ku Salisbury komweko. Inkalira mwaphokoso ngati chimanga chokazinga. Pa chithunzi cha mbaleyo panali dzina la mwini gulu, kenako mawu awiri: ndi anzake.

"Nanga mayina a anzakewo?"

"Khalasi, zinathera pomwepo, achimwene. Mzungu wojambula ankalemba mmodzi basi."

Nyimboyo ndinaitumiza kumudzi. Mlongo wanga anawayatsira mayi, kenako anandiimbira n'kuwaikira foni kukhutu.

"Ndaidziwa," anatero mayi. "Gulu lake ndi lomwelo. Tinkavina imeneyi."

"Mawu a bambo ndi ati?"

"Iwo sankaimba pakamwa, mwana wanga. Ankangoliza banjo."

"Ndiye mwaimva banjo yawoyo?"



"Ndikumvamo mabanjo awiri. Makutu angawa anatha."

Anamwalira mvula isanagwe. Kumaliro sindinapite, kontirakiti sinalole.

Nyimboyo ndimaimverabe pageti. Tsiku lina ndimati bambo ndi banjo yolira pamwamba, tsiku lina ndimati ndi yapansiyo.