Epuloni ya a Nilda pa Phwando la a Thayer

Aliyense wogwira ntchito m'khitchini ya koleji ya paphiri amawadziwa a Nilda Figueroa. Ndi mayi wamfupi uja amaima pa mapoto aakulu, amene ukalawa msuzi n'kubwezera chipande mumphika amakuyang'ana mpaka upepese wekha. Anachoka kwawo ku Caguas, tauni ya pachilumba china chakutali, ali namwali, msuweni wawo atawapezera malo ku fakitale ya mapepala kutsidya kwa mtsinje. Fakitaleyo itatsekedwa anachapako zofunda kunyumba yosungirako okalamba, kenako anakwera phiri. Lero imvi zayamba kusuzumira pansi pa kaneti ka kumutu, akudyetsabe ana a eni ake.

Amuna awo, a Efraín, amayendetsa basi ya ana a pulayimale. Ndi munthu wa nthabwala, wokonda masewera a madomino, woti ukamuikira mpunga wa nandolo ndi nyama ya nkhumba, kwa iye dziko lakoma. Mwana ali naye mmodzi yekha, Yaritza, wakuthwa mutu chibadwire.

Koleji ya paphiri imakana ana ambiri kuposa amene imatenga, ndipo imanyada nazo. Amene mayina a agogo awo ali pamakoma a nyumba zophunziriramo amalowa ngati akulowa kwawo. Mwana ngati Yaritza amalowera m'chimangirizo, nkhani ya moyo wake yoti akuluakulu awerenge. Iye analemba za achule amene ankawasuzumira m'dambo kuseri kwa fakitale. Aphunzitsi olangiza ana kusekondale anawerenga n'kupukusa mutu.

"Achule? Achule asiyire ana a madokotala, mwana iwe. Kwanu kulibe mavuto?"

Yaritza analembanso. Analemba za chaka chija chotenthetsera m'nyumba chinafa pakati pa chisanu, iwo n'kumagona pabedi limodzi atavala majekete. Pabedipo anali atatu, koma papepala anatsala awiri, chifukwa aphunzitsi aja anati nkhaniyo ikuyenda bwino popanda bambo. Analembanso za manja a amayi ake. Koleji inamutenga, ndipo fizi yonse inachokera ku thumba la banja lolemera la a Thayer.

A Nilda analira ndi chimwemwe. Zonyansa zinayamba pambuyo pake, pang'onopang'ono. Nkhope ya Yaritza inatuluka pa kabuku koitanira ana atsopano. Anali atakhala pansi pa mtengo ndi mnyamata wakuda, mtsikana wa mpango kumutu ndi mzungu mmodzi, onse akuseka buku lotseka. Sankadziwana n'komwe. Wojambula anachita kuwatola panjira.

"Asisi, mwana wanu wasanduka nandolo," anatero Shirelle, mnzawo wotsuka mbale. "Akumuwaza pamwamba kuti mpunga usaoneke woyera kwambiri."

Paphiri pali mwambo. Mitengo ikayamba kuphukira amakonza nkhomaliro ya anthu opereka thandizo. Mwana aliyense wolipiriridwa amakhala patebulo la banja limene likumulipirira, ndipo mmodzi amaimirira kuthokoza m'malo mwa onse. Chaka chachiwiri anasankha Yaritza. Mpamene mayi Lindqvist a ku ofesi yosonkhetsa thandizo anatsikira kukhitchini, kumene anali asanapondeko, akunyang'ama ndi nsapato zazitali pasimenti yonyowa.

"Nilda! Ndinu Nilda, eti?" Paphiri amakutchula dzina lokhalokha ngakhale uli ndi imvi, amati ndiko kukondana. "Tikukufunani ku phwando lija."

"Zikomo, madamu. Tibwera ndi bambo ake. Diresi ndili nalo."

"Ayi, ayi, diresi musavutike nalo. Mudzabwere mmene mulilimu, epuloni, kaneti, zonse. Mudzaima kuseri kwa chitseko icho. Yaritza akadzati, amayi anga ali m'khitchini muno, inu n'kutuluka. Anthu adzakhudzidwa kwambiri!"

"Nanga bambo ake?"

Mayi Lindqvist anamwetulira mano onse. "Mipando ndi yochepa."

Kunyumba a Nilda anaponya chikwama pampando.

"Ndikhale chidole ine? Atsegule chitseko ndituluke ngati kambalame kaja kotuluka m'wotchi ya pakhoma?"

"Mukayimbenso kuti kuku, kuku," anatero a Efraín.

"Inu khalani chete, bambo a Yaritza. Inuyo sanakufuneni n'komwe."

Yaritza anali ataima pakhomo, akupotokola chingwe cha jekete. "Amayi, thandizoli amaliunikanso chaka ndi chaka."

"Anena kuti ndikakana alichotsa?"

"Sananene. Komanso sananene kuti salichotsa."

A Nilda anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Mwanayo anali atawonda ndi mabuku, ndipo kunali kutatsala zaka ziwiri kuti amalize. Anatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mpunga, ndipo onse anadziwa kuti avomera.

Tsiku la phwando linali lopuma la a Nilda. Anavala epuloni yochapa bwino, yosita mpaka makona kuima. Mayi Lindqvist ataiona anakwinya pamphumi.

"Yayera kwambiri imeneyi. Sikuoneka ngati ya ntchito." Anaunguza m'khitchini monse. "Mungabwerekeko ya anzanuwa?"

Ya Shirelle inali ndi msuzi wa tomato pachifuwa, ndi mafuta, ndi fungo la madzi otsukira mbale. Shirelle anaivula osayang'ana munthu kumaso. A Nilda anaimanga m'chiuno ikadali yonyowa, kuzizira kwake n'kulowa mpaka pamimba. Wina anawapatsa thireyi yopanda kanthu kuti manja asangolendewera.

Kuseri kwa chitseko anamva mawu a mwana wawo pa chimkuzamawu. Anamva za bedi lija, za majekete aja, za iwo awiri okha. Nkhani ya m'nyumba mwawo inkadyedwa pamodzi ndi nsomba, mafoloko akulira m'mbale. Kenako mawu aja anafika, mayi Lindqvist n'kuwakankha pang'ono pamsana.

Holo yonse inaimirira. Kuwomba m'manja kunali ngati mvula pamalata. Azimayi a mikanda yonyezimira ankapukuta maso mosamala kuti zodzola zisachoke. A Nilda anayenda ndi thireyi yawo yopanda kanthu mpaka patebulo la a Thayer, osadziwa poiika.

Mayi Thayer, nkhalamba yoonda yonunkhira mafuta odula, anawalanda thireyiyo n'kuwagwira manja onse awiri. Anawatembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsomba pamsika. Anapeza chipsera chachitali cha pamkono, n'kuitana anzawo kuti aone. Zala zozizira zinayamba kuchisisita.

Chipseracho si cha ntchito. Chinabwera pa Khirisimasi ina, a Nilda akukazinga nthochi, nyimbo itakoma pawailesi. A Efraín anawakoka kuti avine, n'kuwazunguza mpaka mkono unakagunda chiwaya. Anaseka ulendo wonse wopita kuchipatala.

"Mwavutika, mayi," anatero mayi Thayer, misozi ili mbwe. "Kulera mwana nokha chonchi. Pepani kwambiri za amuna anu."

Amuna awowo anali panja m'galimoto, akudya buledi ndi tchizi, kudikira kuti awatenge. Mawu oti awauze zoona anafika pakamwa. A Nilda anayang'ana Yaritza. Yaritza anali atazolika, maso pa mbale yake, makutu ali piriwiri.

"Zikomo, madamu," anatero a Nilda.

Anabwerera kukhitchini, anamasula epuloni, n'kusamba m'manja ndi sopo wotsukira mapoto mpaka khungu kuwawa.

M'galimoto anawauza amuna awo zonse, osabisa kanthu.

"Ndiye ndinamwalira liti?" anafunsa a Efraín. "Bwanji osandiuza? Ndikanabwera kumaliro, ndimve zabwino zimene ankandinenera."

A Nilda sanaseke. A Efraín anaseka okha pang'ono, kenako analeka. Anatsika phiri lonse, anawoloka mlatho, osatsegula ngakhale wailesi.

Thandizo la Yaritza linapitirira. Ngati likanapitirira popanda zonsezi, palibe angadziwe. Mtsikanayo masiku ano amakadya kuholo ina, kutali ndi mzere umene amayi ake amagawira chakudya. Lamlungu amabwera kunyumba n'kutsuka mbale zonse asanatumidwe, ndipo akamalankhula ndi bambo ake amayang'ana pambali.

Patapita milungu ingapo nsapato zija zinamvekanso pasimenti. Mayi Lindqvist anati phwando linayenda bwino kuposa zaka zonse, anthu anapereka mowolowa manja, ana ena ambiri athandizika. Tsono kukubwera msonkhano wa amene anaphunzira paphiri kalekale. Kodi a Nilda angachitenso chimodzimodzi? Chitseko chomwecho, mawu omwewo.

Atachoka, Shirelle anatseka mpopi.

"Asisi, musandiuze kuti mwavomera."

"Ndavomera."

"Aa! Inuyo?"

"Mwana amalize, Shirelle. Akangovala chipewa chake cha digiri, a paphiriwa adzandione."

A Nilda anawerama n'kulavula m'sinki, anatsegula madzi, kenako ananyamula chipande n'kubwerera ku mapoto awo.