Momwe Ndinapatsira Kochi wa ku America Unkhoswe

Achemwali anga atanditumizira mwana wawo kuno ku Nairobi, sanachulutse mawu pafoni. Anangoti, "Achimwene, mwanayo ndakupatsani. Aphunzire, amalize." Bambo ake anali atamwalira kale, ndipo kwathu ku Dedza mwana wa mlongo wako ndi wako ndithu. Ine ndiye malume, mwini mbumba. Ndakhalitsa ku Kenya kuno ndikugwira ntchito m'bungwe lina la mayiko ambiri, ndimavala tayi, ndimakangana ndi makondakitala a maminibasi amene kuno amati matatu m'Chiswahili, koma udindo umenewo sindinausiye pabwalo la ndege.

Mnyamatayo ankakhala nafe ku Lang'ata, n'kumaphunzira za zomangamanga pa koleji ina m'tauni. Anali wofatsa, wakudya kwambiri, wa miyendo italiitali ngati kakowa. Pa timu ya koleji ankagwira pagolo, ndipo akaumenya mpira unkakagwera pafupi ndi golo la enawo. Ine zimenezo sindinkaziwerengera. Chimene ndinkafunsa chinali mayeso basi.

Tsiku lina madzulo anabwera akudzikanda m'mutu.

"Amalume, pali agogo ena achizungu akufuna kudzakuonani."

"Walakwa chiyani?"

"Palibe, amalume. Akuti ndili ndi mwendo."

Ndinamuuza kuti aliyense m'nyumba muno ali ndi mwendo, ena mpaka iwiri. Kenako anafotokoza. Mkuluyo ankayenda ndi ndodo kuzungulira bwalo la koleji m'mawa uliwonse pofuna kuongola mawondo. Ataona mmene mnyamatayo ankamenyera mpira, tsiku lotsatira anabwera ndi mpira wina wooneka ngati papaya, n'kumuuza kuti audutsitse pakati pa mitengo iwiri italiitali ija ya osewera ragibi. Anaudutsitsa. Anamubweza m'mbuyo, anaudutsitsanso. Kuyambira pamenepo ankakumana Loweruka lililonse, ine osadziwa kanthu.

Mkuluyo anali kochi wamkulu wa timu ya mpira wa ku America pa koleji ina yaing'ono ya kwawo. Anayamba ntchitoyo ine ndili ku pulayimale, n'kudzaisiya ine nditamera kale imvi, pa koleji imodzimodziyo. Akazi ake atamwalira, mwana wake wamkazi amene ankagwira ntchito kuno anamutenga kuti azikhala naye. Mpira anali ataupuma, koma maso anali asanapume.

Anabwera Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, atavala jekete ndi kapu yothetheka. Atangolowa analunjika kwa akazi anga. Anayamikira nyumba, anayamikira mandazi asanawalawe n'komwe, n'kukhala pampando woyang'anana nawo, ine kundipatsa phewa. Pambuyo pake anadzandiululira kuti moyo wake wonse ankatero: akafuna mnyamata wa timu yake, ankapita yekha kunyumba kwa makolo n'kuyamba wakopa mayi, chifukwa bambo amangotsatira. Akazi anga anamusiya alankhule pang'ono, kenako anaseka.

"Bambo, mwagogoda khomo lolakwika. Ine ndine mkazi wa amalume ake chabe."

Anafunsa za bambo a mwanayo, tinati anamwalira. Anafunsa za mayi, tinati ali ku Malawi. Ndiye anafunsa kuti wololeza mnyamatayo kukasewera pa koleji yawo ku America ndani.

"Ine," ndinatero. "Tembenuzani mpandowo."

Anautembenuza, n'kuyambiranso. Kulankhula ankakudziwa, zimenezo ndimupatse. Anandiuza za zaka zoyambirira pamene timu yake inkangogonja, anthu a m'tauni yawo n'kumamunyoza m'sitolo akazi ake ali pomwepo. Anandiuza mmene zinasinthira, zikho zimene anatenga, makoleji akuluakulu amene anamuitana iye n'kukana. Anaphunzitsa anyamata, kenako anadzaphunzitsanso ana a anyamata omwewo. Kochi amene analowa m'malo mwake anali mmodzi wa iwo. Ananenanso kuti womenya mpira pa masewera awo amangolowa kukamenya n'kutuluka, sagundidwa kawirikawiri, ndipo koleji idzamuphunzitsa ulere maphunziro omwewa a zomangamanga.

Ndinamusiya amalize. Ku ntchito kwathu ndimakhala m'misonkhano ya anthu odziwa kukometsa nkhani, ndiye khutu langa linazolowera kumva zimene munthu wadumpha.

"Za zikho ndamva," ndinatero. "Tsopano ndiuzeni za ana amene zinawakanika. Mwana uyu akakaphonya, akamuchotsa m'timu, akakayamba kulira yekha m'chipinda, ine ndidzapite kwa ndani?"

Anati koleji ili ndi ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja.

"Ofesi sindingamwe nayo tiyi," ndinatero. "Ndikufuna munthu."

Apa ndinamufotokozera za unkhoswe. Ndinati kwathu ukwati sumangidwa ndi awiri okondanawo okha. Mbali iliyonse imaika nkhoswe, munthu wodziwika nkhope ndi khomo, woti zinthu zikavuta m'banjamo timapita kwa iye, ndipo iye sanena kuti watanganidwa. Ndinati mwana uyu ndikumupereka kwa anthu amene sindikuwadziwa, dziko limene mayi ake sadzalipondako. Popanda nkhoswe, ayi, apitirize kugwira pagolo konkuno.

Mnyamata uja anali ataima pakhomo la kukhitchini, akundiyang'ana ngati ndamuthira madzi ozizira. Sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Kandege kena kochokera ku bwalo la ndege la Wilson kanadutsa pamwamba pa denga, tinadikira kuti phokoso lithe. Mkuluyo atayamba kulankhula, mawu ake anali ena. Anati kale anatenga mnyamata wina kumudzi wakutali, atalonjeza mayi ake zabwino zambiri. Mnyamatayo anavulala bondo, iye anaika wina m'malo mwake, ndipo nyengo ya masewera itatha anamva kuti wasiya sukulu. Sanamulondole. Mpaka tsiku limenelo sankadziwa kumene ali.

Apa m'pamene ndinayamba kumukhulupirira. Munthu wongofuna kukopa sakanaitulutsa nkhani imeneyo.

"Nkhosweyo amapuma liti pa ntchito yake?" anafunsa.

"Sapuma."

Anavula kapu, n'kundipatsa dzanja. "Sawa," anatero, kutanthauza kuti chabwino, ndipo ndikuganiza kuti Chiswahili chake chonse chinathera pomwepo.

Tinawaimbira achemwali nthawi yomweyo. Anamvetsera zonse, kenako anafunsa funso limodzi: "Achimwene, mwamuona m'maso munthuyo?" Ndinati ndamuona. Anati basi, apite.

Chaka choyamba zinayenda bwino kwambiri. Ankatitumizira mavidiyo pafoni, ife n'kumaonera pa chakudya cha m'mawa. Masewerawo sindinawamvetse mpaka pano. Zimphona zovala zipewa zolimba zimagundana ngati nkhosa zamphongo, kenako zimaima n'kuyamba msonkhano, kenako kugundananso. Koma wathuyo akalowa, wowonda pakati pa zimphonazo, n'kuudutsitsa mpira pakati pa mitengo, ndinkaimirira ndi kapu ya tiyi m'manja. Ku ofesi anzanga anatopa nane.

Chaka chachiwiri anaphonya pa masewera aakulu, mphindi yomaliza, timu yake n'kugonja. Sabata yotsatira anaphonyanso. Posakhalitsa anaika mnyamata wina. Mavidiyo anasiya kubwera, mafoni anga sankayankhidwa. Atadzayankha, ndinamva mawu a munthu amene wakhala masiku osatuluka panja.

"Amalume, ndikubwerako. M'kalasi ndinasiya kupita. Aliyense amandidziwa kuno, ndine amene ndinaphonya uja."

Mtima unandipweteka, ndinaganiza za achemwali, koma sindinamukalipire. Ndinamuuza kuti adye kaye. M'mawa mwake ndinavala jekete n'kuuyamba wapansi kupita kwa mkulu uja. Foni ndinali nayo m'thumba, koma kwa ankhoswe sitiimba foni pa nkhani yotere, timapita ndi mapazi. Anatsegula chitseko yekha. Anali atafooka kusiyana ndi kale, ndodo zinali ziwiri tsopano.

"Ndabwera kwa ankhoswe," ndinatero.

Sanafunse kuti ankhoswe ake ati. Anandikhazika pansi, anamva zonse, n'kuitana mwana wake kuti amufunire ndege. Mayiyo anakana kwamtuwagalu. Anati dokotala analetsa ulendo wautali, anati kwawoko ndi nyengo ya chisanu choopsa, n'kundiyang'ana ine ndi diso loti ndimuthandize. Sindinamuthandize. Mkuluyo anamuuza kuti wina anamutaya kale, uyu sam'taya. Sabata isanathe anali atanyamuka.

Ndinkaganiza kuti akakakamiza kochi watsopanoyo, mwana wake wa mumpira, kuti ambwezere mnyamatayo malo. Sanatero, anati winayo akumenya bwino ndipo malowo ndi ake. Chimene anachita n'chakuti m'mawa uliwonse ankafika pakhomo pa nyumba yogona ophunzira, n'kuima panja ndi ndodo zake, kudikira. Mnyamatayo akatuluka, ankamuperekeza pang'onopang'ono mpaka pakhomo la kalasi. Anthu onse pa kolejipo ankamudziwa mkuluyo, ndiye aliyense womupatsa moni ankayenera kupatsanso moni amene akuyenda naye.

"Amalume, agogowa akundichititsa manyazi," anadandaula pafoni. "Ndingagone bwanji iwo ataima pachisanu?"

"Ndiye dzuka," ndinatero.

Anadzuka. M'timu sanabwererenso kwenikweni, ankangokhala pabenchi, koma mayeso anakhoza, ndipo digiri yake anaitenga. Anthu ena kutchalitchi ankanena kuti ndinachita nkhanza kutumiza nkhalamba yodwala ulendo wotero. Ine ndimawayankha kuti sindinamutume. Ndinangopita pakhomo pake n'kunena chimene chandibweretsa, ndipo nditati ndibwerere m'mbuyo ndikhoza kupitanso.

Ku Nairobi mkuluyo sanabwerenso. Thupi linakana, anakhala komweko, ndipo anamwalira patangopita miyezi yochepa mnyamatayo atamaliza sukulu. Za maliro anandifotokozera ndi mnyamatayo pafoni. Anati kunabwera amuna ambirimbiri amene mkuluyo anawaphunzitsa mpira, ndipo panja pa tchalitchi anawaimika pamzere motsata zaka zimene anasewera, kuyambira nkhalamba za imvi mpaka abambo achinyamata. Wokonza mzereyo anafika pa mnyamata wathuyo n'kumufunsa kuti anasewera chaka chiti pansi pa kochiyo. Koma iye sanasewerepo pansi pake ngakhale tsiku limodzi. Anayamba kubwerera kumbuyo kuti akaime ndi anthu wamba.

Mwana wamkazi wa malemuyo, yemwe uja anandiyang'ana ndi diso lija, anatuluka pakati pa abale, n'kumugwira dzanja. Anamuuza wokonza mzereyo kuti uyu si wa timu, ndipo anapita naye kutsogolo, kukamukhazika pa benchi ya banja.