Hatchi ya a Moffat Kachiwanda

Kwa zaka zambiri a Moffat Kachiwanda a ku Beaumont Leys ankadziwika pakati pa Amalawi a mu Leicester monga katswiri wa mahatchi. Bodza sananenepo; mbiriyo anangoilekerera kuti ikule. M'mawa uliwonse ankakwera basi kupita ku khola la mahatchi la Mayi Henderson, chakufupi ndi Melton Mowbray, kumene ntchito yawo inali kuwola ndowe ndi fosholo n'kukazitaya pa wilibala. Pamsana pa hatchi anali asanakhalepo chibadwire. Komatu chithunzi chimene anajambulitsa ataima pambali pa hatchi yokalamba yotchedwa Duchess chinafika mpaka ku Ntcheu, ndipo fosholo sioneka pachithunzi mwini wake akaibisa kumbuyo.

Chimene chinawaika pamoto ndi chinkhoswe cha mwana wawo Fiona. Mnyamata wake, Yerlan, anali wa ku Kazakhstan ndipo anadziwana ali ophunzira ku Oadby. Ankhoswe anafotokoza mwambo bwinobwino: akuchimuna amabweretsa tambala, akuchikazi amapereka thadzi. Koma bambo ake a Yerlan, a Serik, ataona chithunzi chija anakana. Kwawo, anatero, munthu amene ukumlemekeza umamuveka mkanjo n'kumukweza pa hatchi anthu akuona. Nanga mwamuna wa mahatchi n'kumupatsa nkhuku yokha? Motero anawagulira a Moffat Duchess uja, imene Mayi Henderson anali atasowa kale woigula.

"Ndiye mukwera, bambo a Fiona?" anafunsa akazi awo, a Mabel, akusita malaya. "Kapena tilengeze kuti nyamakazi yavuta?"

"Mayi, hatchi imeneyo ndimaidziwa ine."

"Mumaidziwadi. Chakumchira."

A Moffat sanaseke. Kukana kukanakhala kunyoza asewere awo amene anauluka ulendo wautali. Kugwa kukanakhala kudzivula pamaso pa mpingo wonse, womwe unalonjeza kubwera ndi mafoni.

Tsikulo, pabwalo la khola, anawaveka mkanjo wolemera wa nsalu yobiriwira. Anapondera pa ndowa, nagwira chishalo ndi manja onse awiri, ndipo mwachisomo anapezeka ali pamwamba, atayang'ana kumene kuli mutu. Zingwe anangozigwira ngati za wina. Duchess, itamva fungo la munthu amene imamtsata m'mawa uliwonse akamakankha wilibala, inayamba kuyenda mwaulemu, kudutsa anthu onse, mpaka pamulu wa ndowe. Pamenepo inaima nji. Amayi anaimba nthungululu.

A Serik anafuula mawu, ndipo Yerlan anamasulira: "Akuti hatchi yeniyeni siisowa kuuzidwa njira ndi mbuye wake."

Ali pamwambapo, a Moffat anaona chinthu chimene ena sanachione. Asewere awo ankalankhula za mahatchi mokoma, koma ali kuseri kwa mpanda, ndipo Duchess ikapukusa mutu iwo ankabwerera phazi limodzi m'mbuyo. A Serik, mdzukulu wa okwera mahatchi, anali chabe dokotala wa mano wa mu mzinda wa Almaty.

Atatsika, mkulu wina wa mpingo, a Lovemore, anakuwa kuti, "Tsopano akwere eni mwambo, tione mmene amachitira kwawoko!" Anthu anaomba m'manja. Nkhope ya a Serik inasanduka phulusa.

A Moffat analanda thadzi m'manja mwa ankhoswe n'kulipachika pachifuwa pa asewere awo.

"Auze bambo ako, mwana wanga," anatero kwa Yerlan ndi mawu a munthu wodziwa miyambo, "kuti kwathu wolandira thadzi saliika pansi mpaka alendo onse atabalalika. Akatero ukwati sulimba."

Ankhoswe, amene anali asanamvepo lamulo lotere, anatsegula pakamwa. A Mabel anawaponda chala. A Serik analikumbatira thadzi lija tsiku lonse ngati mwana wobadwa kumene, ngakhale linawaipitsira jekete.

Ukwati unachitika ndipo ulipobe. Asewere awiriwa amaimbirana foni Lamlungu lililonse, nkhani yake mahatchi okhaokha, aliyense kuvomereza zonse zimene mnzake wanena. Ku Beaumont Leys kulibe pomangirira hatchi, choncho Duchess ikadali kwa Mayi Henderson, ndipo a Moffat amakwerabe basi yomwe ija ndi kugwira fosholo yomwe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndowe zina ndi za hatchi yawo.