Munsi wa amayi wapuma lero

Salamu nonse, mwaswera bwanji.

Chogwirira cha chiwongolero cha boti lathu chathyoka m'mawa uno kuno ku Lungwena, chonsecho mawa botili linyamula anthu kupita ku ukwati wa Asiyatu ku Makanjira.

Ana inu simudziwa kuti chogwiriracho chinali munsi wa malemu amayi. Choyamba chitathyoka, nthawi ya chipani chimodzi, ndinapita ku Mangochi kukagula mtengo, koma pachipata cha msika anandibweza. Khadi la chipani ndinali nditalisiya m'buku, likundisungira tsamba. Amayi anangonditambasulira munsi wawo n'kunena kuti, "Sema uwu, tione ngati mabuku akowo amaphunzitsanso manja."

Ndinasema mbali imodzi yokha, ina ndinaisiya momwemo. Zaka zonsezi takhala tikuwongolera boti titagwira pamene panasalala ndi manja a amayi.

Lero nditangoyamba kunola kasemasema, mayi a Twaibu anyamula munsi wawo kukaubisa kwa aneba. Akuti, "Musandiyang'ane, bambo a Twaibu, mbiri yanu ndimaidziwa."

Ndiye ndasema mlombwa wa mphuthu ya chitseko chakale. Chogwirira chatsopanocho chatuluka chopindika pang'ono ngati msana wa mwini wake, koma chalowa bwinobwino, ndipo tachiyesa pamadzi, boti likumvera. Asiyatu, uwauze aonjezere mpunga, tikubwera.

Twaibu amafuna asonkhezere moto chogwirira chothyokacho, ndamulanda. Koma zidutswa ndi ziwiri, pomwe ana a amayi otsala tilipo atatu. Achemwali, achimwene, tigawane bwanji?