Chitenje cha mu Sutikesi ya Apongozi

Chaka chimene tinavota kachiwiri, mwana wanga wamkazi anali mu sitandade 5. Tinkakhala m'kanyumba ka lendi pafupi ndi boda, kuseri kwa bwalo limene malole ankaima podikira mapepala. Bambo ake ankathandiza madalaivala kulemba mapepalawo, ndipo kunyumba ankangobwera kudzagona. Amene ndinkaswera nawo tsiku lonse anali apongozi anga, amayi awo, omwe anachoka kwa Mkanda kudzakhala nafe chifukwa cha miyendo yotupa.

Miyendo ndiyo inkadwala, koma pakamwa panali pabwinobwino. Kwa iwo ine ndinali mkazi wa kugolosale. Ndikagula tsache ankafunsa ngati udzu unatha kudambo. Ndikagula chiponde cha m'botolo ankayang'ana mtondo n'kuusa moyo. Sankandinena maso ndi maso ayi. Ankauza nkhuku kapena khoma kuti kwawo mwana wamkazi amaphunzira ntchito za manja kwa amake, ndiye mdzukulu wawoyu kaya adzaphunzira kwa yani. Zinkandiwawa kwambiri, sindibisa.

Lachisanu lina mwana anabwera ndi uthenga woti aphunzitsi akufuna aliyense abweretse chopondera pakhomo chopanga yekha pofika Lolemba, ndipo akapereka malikisi. Makolo tonse tinkadziwa kochita. Pamsika panali mayi wina wogulitsa zopondera. Unkangogula chimodzi, kumasulako mfundo ziwiri zitatu kuti chioneke cha mwana, basi. Ndalama ndinali nditaimanga kale pansonga ya chitenje pamene apongozi anatsokomola pakhonde, chifuwa chija chopanda matenda. Ndinamasula ndalama ija n'kunena mokweza kuti ife tipanga tokha.

Kapangidwe kake sikovuta. Umachapa thumba la feteleza, kudula nsalu timizere totalika ngati chala, n'kumatilowetsa m'maso mwa thumba ndi kawaya kopinda, kenako kumanga mfundo. Kawaya tinapanga ndi sipoko ya njinga. Thumba ndinapempha kwa aneba. Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti chopondera chimadya nsalu ngati njenjete, ndiponso kuti m'nyumba ya mmphawi mulibe nsanza yopanda ntchito. Iyi ndi nkhata, iyi yogwirira mphika, iyi yokolopera, iyi yatseka bowo la pawindo. Ndinapita kwa atelala kukapempha zidutswa, ndinapeza anagulitsa kale zonse kwa mayi wa pamsika uja.

Loweruka lonse tinakhala pakhonde. Tinadula malaya akale a bambo ake, siketi yanga ya kalekale, ndi kabudula amene mwini wake anamufunafuna mpaka Khirisimasi. Mwana ankamanga mfundo zolefuka, ine n'kumamasula, iye n'kumalira. Sipoko inandibaya chala kawiri. Apongozi anali chapatali pamkeka, akutiyang'ana. Dzuwa likupendeka thumba linali litadzaza theka, nsalu zitatha.

Mwana anafunsa za zitenje za zipani. Ndinali nazo zitatu, za zipani zitatu, chifukwa masiku amenewo ukamva kuti kumsonkhano akugawa nsalu sunkafunsa kuti wabwera ndani. Ndinakana. Nkhope ya mtsogoleri anthu aziiponda ndi nsapato, chaka cha chisankho, komanso osadziwa kuti aphunzitsi ndi a mbali iti? Ayi. Lamulungu m'mawa ndikupita kumaliro kwa Zulu, ndinamuuza ndili pakhomo kuti afufuze m'nyumba monse nsalu iliyonse imene palibe amaivala, bola isakhale ndi nkhope ya munthu.

Ndinabwerako masana ndithu. Mwana anandichingamira kumsewu, chopondera chili m'manja, chomalizidwa. Theka lina linali lotuwa, la nsanza zathu zija. Theka lina linali lowala, lobiriwira ndi timaluwa tofiira, nsalu yake yolimba yosalawa madzi.

Nsaluyo ndinkaidziwa. Tsiku limene apongozi anafika kwathu anandiitanira kuchipinda, natsegula sutikesi yawo, nandionetsa chitenje chimenecho chili chopindapinda pansi penipeni. Anachigula okha ku Chipata atagulitsa mtedza wawo. Anati tsiku lawo likadzafika tidzawafunditse chimenecho, kuti asadzapite ndi nsalu yopemphetsa. Amayi achikulire ambiri kwathu amatero. Mwana wa sitandade 5 akanadziwira kuti?

"Iwe, nsalu iyi waitenga kuti?"

"M'sutikesi ya agogo. Munati yosavalidwa. Ilibenso nkhope."

Dzanja linanyamuka lokha, koma ndinalibweza, pakuti mwanayo sanaphonye ngakhale liwu limodzi pa zimene ndinamuuza. Ndinaganiza zobisa chopondera m'denga, mawa ndiwoloke boda ndikagule chitenje china chofanana. Koma madzi akatayika sawoleka. Ndisanatsegule pakamwa, mwana anali atathamangira kale pansi pa mtengo wa mango pamene agogo ake anali atangodzuka kumene, kukawaonetsa ntchito yake.

Ndinafika n'kugwada chapatali. Apongozi anachitembenuza uku ndi uku, nakoka mfundo imodzi, nakokanso ina. Ndinayamba kunena kuti wolakwa ndine, kuti ndine ndinamutuma. Sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa mwana kuti wamanga ndani, mwana nati theka ili tamanga ndi amayi, ili ndamanga ndekha. Anasisita timaluwa tija ndi chala, mpaka mwana anayamba kuona kuti chilipo chalakwika.

"Chipite kusukulu," anatero pomaliza. "Koma chibwere."

Apa ndi pamene panali vuto lina. Ntchito za manja za ana sizinkabwera. Matsache, mipini, zipande, zonse zikapatsidwa malikisi zinkathera kunyumba za aphunzitsi, ndipo palibe kholo linkafunsa. Lolemba chopondera chinapita. Lachiwiri apongozi anafunsa khoma ngati kusukulu kuli kutali. Lachitatu anayamba kufunafuna ndodo yawo, akuti apita okha ndi miyendo yomweyo. Ndinavala chitenje n'kunyamuka ndekha mtima ukuwira, ndikudzitukwana ndekha chifukwa cha ndalama ija ndinamasula.

Chopondera ndinachipeza pakhomo pa nyumba ya aphunzitsi, chitadetsedwa kale ndi matope. Akazi awo anatuluka n'kuima pomwepo, mapazi onse awiri, akundifunsa kuti ndathamangira chiyani. Ndinazungulirazungulira ndi malonje, kenako ndinangonena kuti nsalu imene apondayo ndi ya pamaliro a apongozi anga, ndipo eni ake akadali moyo, akuifuna. Sindinaonepo mayi wonenepa akudumpha msanga chotero. Anachinyamula ndi kamtengo n'kundiponyera m'dengu limene ndinanyamula. Nkhani inafika pamjigo ine ndisanafike kunyumba, ndipo kwa mwezi wathunthu amayi anzanga ankandifunsa ngati ndikulandira maoda a zopondera.

Ndinachichapa, ndinachiyanika, ndinachipereka ndi manja awiri. Apongozi anachilowetsa kuchipinda kwawo ndipo sitinachionenso. Patapita milungu iwiri ndinawoloka boda, ndinayenda masitolo a ku Chipata mpaka zidendene kung'ambika, n'kupeza chitenje chobiriwira cha timaluwa tofiira. Anachilandira ngati akulandira kwinini. Anati zikomo, kenako anauza nkhuku kuti maluwa a masiku ano ndi akuluakulu mopanda ulemu. Kuyambira pamenepo nkhani ya chopondera sanaitchulenso, ndipo ine ndinangoti basi, mayiwa sadzandikhululukira.

Anamwalira patapita zaka zitatu, atabwerera kwawo kwa Mkanda. Amayi osambitsa thupi atafuna nsalu, mlamu wanga, mwana wawo wamkazi, anatulutsa sutikesi ija n'kuitsegula pamaso pa tonse amene tinali m'nyumba ya siwa. Chitenje changa chinalimo, chili m'pulasitiki momwe ndinachiperekera. Ndinatambasula manja kuti ndichipereke, koma mlamu anandigwira mkono. Pansi pake anasololapo chopondera chija.

"Amayi anasiya mawu," anatero. "Anati ichi tiwatsamiritse kumutu, chifukwa anawapangira ndi mpongozi wawo ndi mdzukulu wawo. Chogulacho anati mubwerere nacho."

Amayi aja anayang'anana, poti chiyambire palibe anaonapo munthu akulowa m'bokosi ndi chopondera. Koma mawu a malemu sakanidwa. Anachipinda pakati, theka la nsanza zathu pamwamba, n'kuchiika pansi pa mutu wawo. Ine ndinatsala nditagwira pulasitiki m'manja. Ndinapsa mtima kuti zaka zitatu zonsezo analephera kundiuza ndi pakamwa pawo, ndipo ndinalira ndili wopsa mtima choncho mpaka kumanda.