Mawu a Amayi pa Msana wa Mng'ono Wawo

Ndikukumbukira chilimwe china ku Chileka, anzanga, chilimwe cha fumbi lofiira, mango adakali tiana mumtengo, pamene mawu a amayi anga ankakhala malo awiri, ena kwathu, ena ku Lirangwe. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zinayi, mwina khumi, kaya. Nthawi imeneyo zaka sitinkaziwerenga, tinkangokula basi.

Amayi ankayimba. Posesa ankayimba, potunga madzi ankayimba, koma pamtondo ndiye ankayimba mpaka nkhuku kuiwala madeya. Mawu awo anali ofunda, ofunda ngati mwala umene wakhala padzuwa tsiku lonse, woti ukhalepo madzulo usafunenso kudzuka. Ndege ikamatsikira ku bwalo, phokoso lake linkameza nyimbo, iwo n'kuima kaye munsi uli m'mwamba, ikadutsa n'kupitiriza pomwe anasiyira, ngati palibe chachitika.

Anali ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono aEsinati, amene amuna awo anawatengera kwawo ku Lirangwe ine ndisanadziwe kanthu. Nkhope sizinkafanana n'komwe. Amayi anali afupi, a masaya, oyererako. Aang'ono anali aatali, akuda bii, mano akutsogoloku otalikirana. Koma pakamwa, ee, pakamwa anawaumba tsiku limodzi. Akuluakulu ankanena kuti ali atsikana, akamayimba awiri m'tchalitchi, ukatsinzina unkamva munthu mmodzi yekha.

Chaka chimenecho amayi anayamba kutsokomola. Anatsokomola pokolola, anatsokomola mwezi wozizira, nyimbo zinayamba kuduka pakati ndege kulibe. Abambo, amene ankatchetcha udzu ku bwalo la ndege, anawatengera ku chipatala chachikulu ku Blantyre, n'kubwerako okha. Anati ndi chifuwa chachikulu, agonekedwa, ndipo mwana asapiteko.

Mwanayo anali mchimwene wanga Yohane, wa chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, adakali kubere. Anandisiyira ine.

Ndinaphika phala la mgaiwa, ndinathira nsinjiro, ndinathira shuga, ndinalawa pamaso pake n'kumanyambita milomo ngati ndadya zakumwamba. Yohane pakamwa tseke, nkhope kukhoma. Amayi a nyumba yoyandikana nafe, aNachisale, anayesa nthochi yofinya, anayesa tiyi, anayesa kumuopseza ndi galu. Ankangomeza timadzi pang'ono. Analira tsiku loyamba, analira lachiwiri, lachitatu kulira kunachepa, ndipo ine ndinkaganiza kuti wayamba kuzolowera. ANachisale anamugwira paliwombo, anapeza palowa, n'kuyang'ana abambo. Kamkanda ka m'chiuno mwake kanali katayamba kutsika kokha.

M'mawa mwake abambo anakwera njinga, osandiuza kumene akupita.

Masana a tsiku linalo ndinasiya Yohane kwa aNachisale n'kupita kuchitsime. Pobwera, ndowa ili pamutu, dzuwa litatentha mpaka njira kumaoneka ngati ikuvina, ndinamva munsi. Du, du, du. Kenako nyimbo, nyimbo ya amayi yeniyeni, imene ankaikonda pokonola chimanga:

Madeya kwa nkhuku, mphale kwa ine,
wobwera mochedwa anyambite munsi.

Sindinathamange. Ndinkaopa kuti ndikathamanga ndidzuka. Ndinayenda pang'onopang'ono, phazi ili, phazi ili, madzi akutsikira kumsana koma osawamva kuzizira. Mitengo inali zii, mbuzi zinali zii, mphepo inkanunkhira chimanga chonyowa. Mumtima ndinkati achira, abwera, andiuza kuti ndasamala bwino mwana. Nditazungulira nkhokwe ndinaona msana wautali, wakuda, wachilendo. Ndinakhala pansi pomwepo, ndowa idakali pamutu.

“Iwe Elube,” anatero amayi aang'ono, ndi mawu a amayi anga, “madziwo ukuwafungatira kuti aswe?”

Anali atangotsika panjinga ya abambo. Anapeza m'nyumba mulibe mphale, ndipo iwo sanali munthu wokhala pansi.

Sindinamve ndekha. Yohane, amene anagona chigonere kuyambira m'mawa, anadzutsa mutu pamphasa. ANachisale anabwera naye akuthamanga, iye manja atatambasula kale. Atafika pafupi anayang'ana nkhope, anayang'ana mano aja, n'kukuwa kukuwa kumene sitinkadziwa kuti mphamvu zake akadali nazo.

Amayi aang'ono sanakhumudwe. Anatembenuka, kumupatsa msana.

“Yalakwa ndi nkhope yangayi,” anatero. “Mwana wa kumsana amadziwa nkhope ngati? Amadziwa fungo ndi mawu. Elube, kanditengere chitenje cha amayi ako, chosachapa.”

Ndinachipeza pachingwe m'chipinda, chabuluu, cha maluwa achikasu, chikununkhira utsi ndi sopo ndi amayi. Aang'ono anawerama, nkhope kumbali, aNachisale n'kumukhazika Yohane pamsana kuchokera kumbuyo, n'kumanga. Anagwira munsi. Anayamba motsitsa, motsitsa, kusinja kwabodza, kongogwedeza thupi. Yohane anaumitsa khosi. Kenako anagoneka khutu pakati pa mapewa, pamene mawu amatulukira munthu akamayimba, maso n'kuyamba kulemera. Ine ndinakwera pa njerwa ziwiri ndi kambale ka phala, ndinamugunditsa supuni pamlomo. Pakamwa panatseguka.

Anameza, anzanga. Anameza, n'kumezanso. Phala lina linapita m'khosi mwa amayi aang'ono, lina m'khutu mwawo, poti msana unkakwera n'kutsika, koma lambiri linalowa moyenera. Abambo anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anangoti, “Alamu, musasiye.”

Sanasiye. Katatu patsiku mtondo unkalira kwathu, m'mawa, masana, dzuwa likapendeka. Chimanga chathu chofunika kukonola chinatha sabata yomweyo. Amayi a m'mudzi anazindikira msanga. Uyu n'kubwera ndi lichero la chimanga chake, uyo ndi mapira, winanso makaka a chinangwa, onse nkhope zachisoni, akuti tabwera kudzaona mwana. Mudzi wonse unasinjiridwa ulere chaka chimenecho. M'manja mwa aang'ono munatuluka matuza, matuza anaphulika, panamera zikopa zolimba. Yohane masaya anabwerera. Pang'ono ndi pang'ono ngakhale nkhope ija anaikhululukira, mpaka kumalowetsa chala pampata wa mano.

Ineyo ndinali ndi kachinsinsi kanga. Mwana akakhuta ndinkapita kuseri kwa nkhokwe, n'kutsamira, n'kutsinzina. Nyimbo ikamamveka ndinkakhala ndi amayi kanthawi. Sindinauze munthu.

Amayi anabwera mitambo itayamba kuunjikana pa phiri la Michiru. Anali ataonda, chitenje chikuwazungulira kawiri, koma ali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo. Anagwada pabwalo n'kuitana, “Yohane.” Mawu amene anatuluka anali osasa, okhula, ngati lichero lakale likukokedwa pansi. Kutsokomola kunali kutawadya. Yohane anawayang'ana, n'kukabisala m'miyendo ya aang'ono. Tsiku limenelo phala la m'dzanja la amayi analikana.

Tsiku lomwelo kunabwera uthenga wa ku Lirangwe. Amuna awo a aang'ono ankati mvula ili pafupi, munda ulibe mizere, Lamulungu mkazi wawo abwerere. Panatsala masiku asanu. Ndinayang'ana kamkanda ka Yohane, kuopa kuti kayambanso kutsika ngati poyamba paja.

“Achemwali,” anatero aang'ono, “mwanayu ndinangobwereka. Tiyeni pamtondo ndikubwezereni.”

Amayi ndi amene anabereka mwana tsopano, ndi chitenje chabuluu chija. Mphamvu zosinja analibe, ankangogwira munsi n'kumagwedezeka. Aang'ono anaima pafupi, phewa kugunda phewa, n'kuyimba mokweza, amayi akutsatira pansipansi ndi mawu awo osasa. Yohane anasokonezeka, anatembenuza mutu uku ndi uku, koma nyimbo inalipo, fungo linalipo, anadya. Tsiku lachiwiri aang'ono anatsitsako mawu. Tsiku lachitatu anaima patali pang'ono, akungong'ung'udza. Tsiku lachinayi milomo yokha ndi imene inkayenda. Ine pa njerwa zanga ndinkamva mawu ofunda aja akuchepa, akuchepa, ngati madzi olowa mumchenga, ndipo ndinkafuna kuwauza kuti kwezaninso pang'ono, koma supuni inali m'dzanja langa, ndinali pantchito.

Loweruka m'mawa aang'ono sanabwere pamtondo. Anakhala m'khitchini, chitseko chotseka. Amayi anayimba okha, mawu akuduka, akupuma, akuyambanso. Yohane anagoneka khutu pamsana wa mafupa uja, anamvetsera nthawi yaitali, yaitali, mpaka dzanja langa kutopa m'mwamba. Kenako anayasamula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Kambale kanatha. Amayi anaseka, kuseka kosasa, n'kumavina pang'onopang'ono mwana ali kumsana, ine n'kutsika pa njerwa kuvina nawo, aNachisale n'kululutira kuchokera pakhomo pawo.

Lamulungu aang'ono anakhala kumbuyo kwa njinga ya abambo. Munthu amene sankatha kuyenda osayimba anapita atagwira pakamwa mpaka kumsewu, kuopa kuti mwana angamve.

Mawu a amayi sanabwererenso mwakale. Anayimbabe ndi osasawo mpaka kukalamba, ndipo tinawakonda omwewo. Tikafuna kumva akale tinkapita ku Lirangwe pa Khirisimasi, amayi n'kukhala pamphasa kumvetsera mng'ono wawo, akumwetulira ngati munthu amene akuona chithunzi chake cha pausikana.

Lero mtondo wanga ndinadzalamo maluwa. Chimanga chimapita kuchigayo pa kabaza, ndipo chigayo sichiyimba, chimangokuwa. Mdzukulu wanga wamkazi amagulitsa mu shopu ku Blantyre, amachoka m'mawa pa minibasi, mwana n'kundisiyira. Mwanayo akavuta kudya, mayi wake amatumiza mawu pafoni, ine n'kudina, kanyimbo n'kutuluka, mwana n'kumapsompsona galasi. Zabwino ndithu, sindikana, palibe amene amatuluka matuza. Koma foni yathu ife inali ndi miyendo, inali ndi msana wofunda, inkamwa tiyi wa shuga masupuni atatu, ndipo itatha ntchito inadziwa yokha kuti tsopano ndikhale chete.

Yohane ali moyo, ali ku Kuntaja, imvi mbuu, adzukulu bwalo lonse. Tsiku lina ndinawafunsa kuti achimwene, pa amayi awiri aja, mawu amene mumawakumbukira ndi a ndani? Anaganiza, anakanda m'mutu, n'kunena kuti, “Achemwali, ine sindikumbukira kalikonse. Kungoti ndikamva munthu akusinja, ngakhale nditangodya kumene, njala imandigwira.”