Kangachepe ka Mayi Odessa

Mayi Odessa Whitlock anayendetsa basi ya ana asukulu muno mu Chicago zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka matenda a shuga anawadulitsa mwendo. Amakhala pamwamba pa ine, pansanjika yachitatu, m'nyumba yopanda chikepe, choncho chakudya ankaitanitsa pa foni. Kampani yobweretsa chakudyayo inkalonjeza kuti kubweretsa n'kwaulere, koma pofika polipira pankatulukira tindalama tina ta mayina osamveka. Ankang'ung'udza, n'kulipira.

Chimene sankang'ung'udza nacho ndi kangachepe ka wobweretsa. Kawirikawiri ankabwera Ignacio, bambo wa imvi wa ku Guatemala, amene ankafika pakhomo ali wefuwefu, nkhuku yokazinga ili m'manja. Mayi ankamuwonjezera madola asanu ndi awiri pa foni pomwepo.

Tsiku lina masana, kunja kukugwa chipale chofewa, anamufunsa kuti, "Bambo Ignacio, nsapato zobookazi mpaka liti? Kapena zimene ndimakupatsanizi mumamwera?"

Ignacio anaseka, kenako anawaonetsa foni yake. Kampani inkamulonjeza madola khumi pa ulendo. Mayi akapereka asanu ndi awiri, iyo inkangoikapo atatu. Akapanda kupereka, inkalipira yokha khumi onsewo.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikuthokoza kampani?"

"Ndi mmene zilili, mayi. Ndikalankhula anditsekera ntchito."

Mayi Odessa atamva kuti maloya akusonkhanitsa ogula kuti akasumire kampaniyo pamodzi, anandituma kukasindikiza malisiti awo onse, odzaza jumbo. Analembetsa dzina. Ankafuna kukaima pamaso pa woweruza, ngakhale ndi mwendo umodzi womwewo. Palibe anawaitana. Patapita zaka zitatu kunabwera kalata yoti mlandu watha pokambirana, ndipo kampani sinavomere kulakwa kulikonse. M'kalatamo munalinso cheke cha madola anayi.

Apa n'kuti Ignacio atasiya kale kubwera. Ena ankati anagwa panjinga, ena ankati anasamukira ku Indiana. Nambala yake tinalibe, poti kampani imabisa.

Mayi Odessa anaifufuta kampaniyo mu foni. Anapirira masiku anayi akudya buledi ndi nyemba za m'chitini. Ine ndinali wa ntchito ziwiri, sindikanatha kuwagulira tsiku lililonse. Tsiku lachisanu ndinakawapeza atakhala pawindo, thumba la chakudya lili patebulo losatsegula.

"Ndaitanitsanso," anatero osandiyang'ana. "Ndimafuna wobweretsa watsopanoyu ndimupatse kangachepe pamanja. Koma wangosiya pakhomo n'kuthamanga. Mmene ndimafika ndi ndodo zangazi, n'kuti atatsika kale."